Momwe mungasungire ndi kuchulukitsa mafangasi abwino m'munda wa kouma

Mukazula phesi la mapira kapena la chimanga likadali laliwisi, musalikutumule kaye, tayang'anani ku mizu. Pena mupeza mizu ili mbee, dothi lonse lathothoka lokha, pena mupeza dothi lakakamira mizu yonse ndipo mukalifinya ndi zala likusweka timibulu timibulu osati fumbi. Kusiyana kumeneko, mwa zina, ndi ntchito ya mafangasi a m'nthaka, tizamoyo ta mtundu wa chuku ndi bowa, nde nkhani yanga ndi ya iwowa, makamaka kwa a minda ing'onoing'ono kumadera komwe mvula imagwa miyezi yochepa kenako dzuwa n'kuwamba nthaka theka lonse la chaka.

Ambirife tikamva za fangasi timangoganiza zoipa, chiwawu pa tomato, kufota kwa mbande ku nazale, chuku pa mtedza. Zoona amenewo alipo ndipo amawononga. Koma m'dothi lodzadza dzanja limodzi mulinso mitundu ina yambiri yomwe ikugwirira ntchito mbewu zanu, ina ikukatengera mbewu fosifolasi, ina ikuwoletsa mapesi, ina ikupha mbozi, ina ikulimbana ndi anzawo oyambitsa matenda aja. Chomwe ndikufuna mugwire n'choti nkhani si kupeza fangasi mmodzi wamphamvu ayi, nkhani ndi kukhala ndi mitundu yambiri pamodzi, ndipo mitundu yambiriyo sibwera mu paketi, imasungika kapena kutha malinga ndi momwe mukulimira.

Tiwadziwe kaye

Gulu lofunika kwambiri ndi la maikoraiza, mafangasi okhala mothandizana ndi mizu, omwe katswiri wa zomera wa ku Germany Albert Bernhard Frank anawafotokoza mu 1885. Amene amakhudza mbewu za m'munda ndi aja amalowa mkati mwenimweni mwa muzu n'kupanga tinthambi ting'onoting'ono m'maselo, ndipo pa tinthambi pamenepo ndi pomwe pamachitikira msinthano, mbewu ipereka shuga ndi mafuta, fangasi apereka fosifolasi, zinki, kopa, nayitirojeni pang'ono ndi madzi. Mbewu imatha kupereka mpaka magawo 20 pa 100 a chakudya chomwe yapanga m'masamba, nde muone kuti sichinthu chaching'ono kwa iyo. Ubalewu ndi wakale zedi, m'miyala ya ku Rhynie ku Scotland anapezamo zotsalira za zomera za zaka pafupifupi 400 miliyoni zapitazo zili kale ndi mafangasiwa, ndipo lero mitundu ya zomera yoposa 70 pa 100 iliyonse imakhala nawo.

Chifukwa chake mbewu imalolera kulipira chonchi ndi fosifolasi. Nayitirojeni amayenda ndi madzi, fosifolasi ayi, amamatirira ku dothi, makamaka lofiira la asidi kapena la laimu wambiri. Muzu ukamwa yemwe ali pafupi nawo, milimita imodzi kapena awiri kuzungulira, basi wathera pompo, ndipo dothi likayamba kuuma ndiye zimanyanya chifukwa kamadzi komwe fosifolasi amayendamo kamaduka. Ulusi wa fangasi ndi wowonda kuposa titsitsi ta muzu, umapita masentimita angapo kutali ndi muzuwo, umalowa m'timing'alu momwe muzu sungalowe, ndipo mu galamu imodzi ya dothi labwino mumatha kukhala mamita angapo a ulusi umenewu. Ulusi womwewo umamanga dothi kukhala timibulu tija, pothandizana ndi zomata zomwe Sara Wright wa ku USDA, nthambi ya boma la America yoona za ulimi, anazitcha glomalin mu 1996. Dothi la timibulu limamwa madzi mvula ikagwa mmalo mowathamangitsa, ndipo kouma palibe chuma choposa chimenecho.

Pali chinthu chimodzi chomwe mukachigwira, malangizo ena onse muwamva mosavuta: maikoraiza sangadye, sangakule, sangabereke popanda muzu wamoyo. A mbewu za m'mundawa satulutsanso bowa, nde musawafune pamwamba. Nyengo yadzuwa amapulumukira m'njira zitatu, timbewu tawo tozungulira tomwe timagona m'dothi, zidutswa za mizu youma yomwe analowamo, ndi ulusi wawo womwe umatha kukhala wamoyo m'dothi louma bola usadulidwe.

Chifukwa chake mitundu ichuluke

Maikoraiza si amodzi. A gulu la Glomus, Rhizophagus ndi Funneliformis ndi achangu, amalowa m'mizu msanga, amaphukanso kuchokera ku kachidutswa ka muzu, nde khasu amalipirira. A Gigaspora ndi Scutellospora ndi ochedwa, amayambira makamaka pa timbewu tawo tikuluikulu, koma akakhazikika amayala ulusi wambiri m'dothi, ndipo ndi amenewa amayamba kusowa munda ukamagalauzidwa chaka ndi chaka. A Acaulospora amapezeka kwambiri m'dothi la asidi. Wina amakatenga fosifolasi kutali, wina amatchinga muzu ku matenda, wina amagwirizana ndi mapira kuposa khobwe, wina amadzuka ndi mvula yoyamba pomwe wina amagwira ntchito mochedwa.

Tsono kumadera ouma sizoni siifanana ndi inzake. Chaka chino mvula yayamba bwino n'kudula pakati, chaka chamawa yachedwa n'kugwa yonse pakamodzi. Munda wotsala ndi mitundu iwiri kapena itatu, sizoni ikakana iwowo ndekuti mbewu yatsala yokha. Mu 1998 Marcel van der Heijden ndi anzake anaonetsa poyesa kuti akachulukitsa mitundu ya maikoraiza, zomera zimatenga fosifolasi wambiri m'dothi ndipo zimakula bwino. Ndipo mu 2015 gulu la Fernando Maestre litayeza dothi la malo ouma 80 m'makontinenti onse kupatula Antarctica, linapeza kuti malo akamaumirauma, mitundu ya mafangasi ndi mabakiteriya imachepa, makamaka chifukwa chakudya chawo, zowolerana za m'nthaka, chimachepa. Kutanthauza kuti wa kouma amayamba kale ali ndi zochepa, sangakwanitse kutayanso zina.

Palinso magulu ena, ndiwatchule mwachidule. Owoletsa, aja mumaona ulusi woyera mukavundukula mapesi onyowa, ndi amene amatha kuphwanya mapesi olimba omwe mabakiteriya amawalephera. Trichoderma, yemwe amaoneka wobiriwira pa nkhuni zowola ndi mu kompositi, amazinga ndi kudya mafangasi oyambitsa kufota kwa mbande ndi kuwola kwa mizu, zimenezi Richard Weindling anazilemba kalekale mu 1932. Ndiye pali opha tizilombo. Mukadzapeza mbozi kapena kachikumbu kakufa kali gwa, kouma, kokutidwa ndi ufa woyera, nthawi zambiri ameneyo ndi Beauveria, ufawo ukakhala wobiriwira ndi Metarhizium. Kasiyeni pompo, ufa umenewo ndi mbewu yake yoti ikagwire tizilombo tina. Kuchokera ku Metarhizium ndi komwe pulogalamu ya kafukufuku wolimbana ndi dzombe yotchedwa LUBILOSA inapangira mankhwala a dzombe otchedwa Green Muscle. Aliponso ena omwe amatchera misampha tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tija timatupitsa mizu ya tomato. Onsewa amafuna zofanana: mthunzi pa dothi, chinyezi ndi zowola.

Zoyenera kusiya ndi zoyenera kuyamba

Choyamba moto. Kuotcha mapesi posonkha munda kumawotcha chakudya cha owoletsa aja, kumapha zomwe zili pamwamba penipeni, kenako dothi limatsala pambalambanda miyezi yonse yadzuwa likuphikidwa. Phulusa limanyenga chifukwa mbewu imabiriwira pang'ono pomwe panali mulu, koma nayitirojeni ndi zowola zapita ndi utsi. Gonekani mapesi pansi. Ndikudziwa kuti ziweto nazo zikuwafuna, ndipo uwu ndi mkangano weniweni osati ulesi wa alimi, nde ngati sizingatheke munda wonse sankhani chigawo chimodzi, olo kotala la ekala, muchiphimbire mokwanira chaka ndi chaka kusiyana n'kumwaza timapesi tochepa ponseponse. Masamba ndi zofewa ziweto zidye, zolimba zitsale, ndowe zibwerere kumunda. Ndipo pokolola dulani phesi, musazule, mizu itsale m'nthaka chifukwa ndi momwe maikoraiza akubisalamo.

Chachiwiri khasu ndi pulawo. Ulusi uja uli ngati ukonde wa kangaude womwe wayalidwa pansi pa munda wonse, mbewu yongomera ikaupeza uli wathunthu imangolumikiza n'kuyamba kulandira fosifolasi sabata zoyambirira zomwe, pomwe ikaupeza uli wodukaduka iyenera kudikira fangasi ayambirenso. Kugalauza dothi louma ndiye koipitsitsa, ulusi wouma ukaduka sulumikizananso. Sindikunena kuti tayani khasu lero, minda ina ili ndi dothi lolimba pansi lomwe lifunika kuswedwa kamodzi. Koma mukaswa, khazikitsani mizere kapena maenje okhazikika, muzibzala malo omwewo chaka chilichonse, manyowa muzithira momwemo, popalira muzingopala pamwamba. Maenje a zai omwe Yacouba Sawadogo wa ku Burkina Faso anawatchukitsa amagwira ntchito chonchi, madzi, manyowa ndi mizu zonse pamalo amodzi osasokonezedwa, chiswe nacho chimabwera kudzatenga manyowawo n'kusiya njira zolowera madzi.

Chachitatu, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, mizu yamoyo ya mitundu yosiyanasiyana, kwa miyezi yambiri momwe mungathere. Ku Queensland ku Australia alimi ankasiya minda ili mbee opanda olo udzu kwa chaka kapena kuposa kuti isunge chinyezi, koma akabzala mpendadzuwa mbewu inkapinimbira ngati yasowa fosifolasi ndi zinki, chonsecho m'dothi zilimo. John Thompson anaonetsa mu 1987 kuti chomwe chinatha ndi maikoraiza, anafa ndi njala. Nde kugoneka munda kuli bwino pokhapokha pakumera zinthu. Nandolo ndi mnzanu wamkulu apa chifukwa amakhala wobiriwira miyezi ingapo chimanga chitauma, ndipo mukamusiya chitsa aphukirenso ndekuti mizu yamoyo ilipo chaka chonse. Chinangwa chimodzimodzi, ndipo chinangwa chimadalira maikoraiza kwambiri moti ndi chifukwa china chomwe chimachitira bwino pa dothi losauka. Khobwe, nzama, mtedza, mapira, mchewere, mawere, chitowe, mpendadzuwa, mbatata, zonsezi zimasunga maikoraiza, ndipo iliyonse imakokera mitundu yake, nde kasakaniza ndi kasinthasintha ndi njira yochulukitsira mitundu popanda kugula kanthu. Mitengo ngati msangu ndi gilisidiya, udzu wa vetiva pa milambala, ngakhale kamzere ka udzu wachilengedwe m'malire osalimidwa, amenewa ndi malo othawirako mitundu yochedwa ija, ndipo kuchokera pamenepo imafalikiranso m'munda.

Koma dziwani kuti si mbewu zonse. Kabichi, repu, mpiru, tchainizi ndi abale awo salola maikoraiza m'mizu mwawo, bonongwe ndi bitiruti nawonso pafupifupi ayi. Kwa fangasi, bedi la kabichi n'chimodzimodzi munda wopanda kanthu. Nde pambuyo pa mbewu zimenezi musatsatize anyezi kapena chinangwa zomwe zimadalira kwambiri, yambani mwadutsitsapo mapira kapena khobwe, apo ayi zisakanizeni ndi mbewu ina yosunga maikoraiza.

Feteleza

Apa anthu amasokoneza mbali zonse ziwiri. Ena amati feteleza amapha nthaka nde musathire olo pang'ono, ena amati thirani wambiri basi. Zoona zake n'zoti maikoraiza sapanga fosifolasi, amangokatenga yemwe alipo, nde munda womwe wakhala ukukololedwa zaka zambiri osabwezeramo kanthu, fangasi sangachite zozizwitsa. Mbali inayi mbewu ikapeza fosifolasi wosungunuka wambiri pafupi ndi muzu, monga mukathira feteleza wa DAP kapena TSP wochuluka, imatseka khomo, siyilolanso fangasi kulowa chifukwa palibe chomulipirira. Pakati pake ndi pomwe pali phindu. Njira yomwe a ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu za kumadera ouma, anayesa ku Sahel, dera louma la kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, yothira kafeteleza kochepa pa phando, magalamu 2 mpaka 6 malinga ndi mtundu wa feteleza, pamodzi ndi manyowa owola bwino, imapatsa mbewu poyambira koma siithamangitsa fangasi. Manyowa ndi kompositi yokhwima zimatulutsa chakudya pang'onopang'ono ndipo zimadyetsanso Trichoderma ndi owoletsa aja.

Mankhwala opha fangasi samasankha. Benomyl ndi carbendazim amadziwika bwino kuti amapondereza maikoraiza, moti ofufuza amagwiritsa benomyl dala akafuna kuwachepetsa pa malo oyeserera. Ngati matenda akukakamizani kupopera, poperani masamba, musakhuthulire mankhwala m'dothi, ndipo zotsala mu sipuleya musatayire m'munda.

Nkhani ya kaufiti ndiyofunika kuimva bwino chifukwa imalumikiza zonsezi. Mbewu ikasowa fosifolasi mizu yake imatulutsa timadzi totchedwa strigolactone, ndipo mu 2005 Kohki Akiyama ndi anzake ku Japan anapeza kuti timadzi timeneti ndi uthenga woitana maikoraiza, ulusi wawo ukatimva umachita nthambi zambiri kufunafuna muzu. Tsoka lake njere za kaufiti zomwe zagona m'dothi zaka zambiri zimamvanso uthenga womwewo n'kumera. Nde mbewu yanjala imaitana mokweza, ndipo ngati maikoraiza kulibe, woyankha ndi kaufiti yekha. Mbewu yomwe maikoraiza alowa kale ndipo ikupeza fosifolasi imachepetsa kuitanako, ndipo poyesa pa mapira ndi chimanga zaoneka kuti kaufiti amachepa. Sikuti atheratu, kuzula asanachite maluwa ndi kasinthasintha ndi mbewu za nyemba zikufunikabe, koma muone chifukwa chake kaufiti amakonda minda yoguga.

Zogula mu paketi

Malonda a maikoraiza achuluka. Ena ndi abwino, koma ambiri amakhala ndi mtundu umodzi wokha, kawirikawiri Rhizophagus irregularis chifukwa ndi wosavuta kuchulukitsa, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 yemwe anayesa mapaketi ogulidwa m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti ochuluka sanalowe n'komwe m'mizu. Chamoyo chomwe chakhala pa shelefu yotentha miyezi yambiri sichichedwa kufa. Ngati mugula, onani deti, onani ngati alemba dzina la fangasi ndi kuchuluka kwake, ndipo yesani pa mizere yochepa kaye. Chitsanzo cha chogula chomwe chinapangidwa moganizira malo ndi Aflasafe wa IITA, bungwe lofufuza za ulimi kumadera otentha, yemwe ndi Aspergillus flavus, fangasi wa chuku cha pa chimanga ndi mtedza, koma wosatulutsa poizoni, wosankhidwa m'dziko lomwe akagwiritsidwe ntchito. Amamwazidwa pamwamba, makilogalamu 10 pa hekitala, sabata ziwiri kapena zitatu chimanga kapena mtedza zisanachite maluwa, kuti alande malo a mnzake wotulutsa poizoni. Mfundo yake ndi yomweyi, mbadwa za dothi lanu ndi zomwe zimapirira dzuwa lanu.

Kuchulukitsa anu

Izi mungapange nokha, zimangofuna pafupifupi miyezi itatu ndi theka komanso madzi pang'ono, nde werengerani chobwerera kuchokera nthawi yomwe mumabzala.

Yambani ndi kutenga dothi loyambira. Funani malo omwe sanalimidwe kapena kuotchedwa zaka zambiri, pomwe pali udzu wachilengedwe, zitsamba ndi mitengo ya mtundu wa nyemba monga msangu kapena mthethe. Palani zinyalala pamwamba, kumbani mpaka masentimita 20 kapena 25, tengani dothi pamodzi ndi timizu ting'onoting'ono tonse, timizu timeneto ndiye chuma chake. Musatenge pamalo amodzi, tengani pang'onopang'ono pansi pa zomera zosiyanasiyana, malo asanu kapena kuposa, ena pamtunda pouma ena kumunsi, chifukwa chomwe tikusaka ndi mitundu. Kwirirani pomwe mwakumba, ndipo malo a eni pemphani. Pansi pa paini kapena mombo pokhapokha sipothandiza kwenikweni, mitengo imeneyo imakhala ndi maikoraiza a gulu lina, aja amakuta muzu kunja n'kutulutsa bowa, ndipo salowa mu chimanga. Pewani malo omwe munaonapo kaufiti, komanso mukaona mizu ili ndi zotupa zomwe sizithothoka mukazikanda, siyani, mungasamutse tinyongolotsi tija. Timibulu ta pa mizu ya nyemba tomwe timathothoka mosavuta ndipo mkati muli mofiirira, timeneto ndi tabwino, ndi ta mabakiteriya a nayitirojeni.

Dothilo musaliyanike padzuwa. Kumbani dzenje lotalika mita imodzi, mulifupi theka la mita, kuya theka la mita, yalani masaka kapena pulasitiki yobowola kuti madzi azituluka, kapena ingogwiritsani masaka ndi zidebe zobowola pansi. Sakanizani dothi lanu ndi mchenga woyera, theka ndi theka, ndi kompositi yokhwima pang'ono chabe. Apa ndi pomwe ambiri mtima umawapweteka, amafuna kuthira feteleza kuti mbewu zikongole, musatero, tikufuna mbewu za njala pang'ono kuti ziziitana fangasi. A Rodale Institute ku America pamodzi ndi David Douds wa ku USDA anachita zofanana ndi izi m'matumba, ndipo nawo kompositi ankaisungunula kwambiri pa chifukwa chomwechi.

Bzalani mothinana mbewu zosakaniza, za mtundu wa udzu monga mapira, mchewere kapena chimanga, za nyemba monga khobwe, ndi anyezi ngati alipo. Mbewu yake ikhale yosapakidwa mankhwala, ngati ndi yopakidwa itsukeni bwinobwino. Thirirani moti dothi lizikhala lonyowa koma osati chithaphwi, maikoraiza amafuna mpweya. Phimbirani pamwamba ndi udzu wouma wopanda njere, tchingani nkhuku ndi mbuzi. Mbewuzi sizoti mukolole, zikayamba kuoneka zothinana ndi zachikasu pang'ono musadandaule, ntchito ikuchitika pansi.

Ikakwana miyezi itatu, kutatsala masiku 10 kapena sabata ziwiri kuti mubzale kumunda, dulani mbewu zonse pa tsinde ndipo lekani kuthirira. Fangasi akaona kuti chakudya chaduka ndipo kukuuma amathamangira kupanga timbewu tambiri. Kenako fukulani zonse, mupeza mizu yalukanalukana dzenje lonse, iduleni tizidutswa ta sentimita imodzi ndi chikwanje kapena sizasi, sakanizani ndi dothi lomwelo, zonsezo pamodzi ndiye mbewu yanu ya fangasi. Isungeni pamthunzi m'saka, osati m'pulasitiki yomanga.

Pothira, lamulo ndi limodzi, ikhudzane ndi muzu. Kadzanja kamodzi pansi pa phando, mbewu pamwamba pake, kwirirani. Kumwaza pamwamba pa munda ndi kutaya, dzuwa lipha zonse. Feteleza ngati mukuthira ikani chapambali, osati pamodzimodzi. Dzenje limodzi silingakwane ekala, nde yambani pomwe phindu ndi lalikulu: machubu a mitengo ku nazale, mabedi a anyezi ndi tomato musanawokere, malo omwe dothi lapamwamba linakokoloka, pomwe panakhala madzi nthawi yaitali, kapena pomwe panali kabichi. Mbande yochoka ku nazale ili kale ndi fangasi m'mizu imagwira msanga ikawokeredwa pouma. M'munda womwe uli kale ndi maikoraiza ambiri mwina simuona kusiyana kulikonse, ndipo zikatero ndi nkhani yabwino, ndekuti alipo.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda

Siyani mizere ina osathira, mbewu yomweyo, tsiku lomwelo, manyowa ofanana, ndipo isakhale yonse mbali imodzi ya munda, isinthanitseni, mizere iwiri yothira iwiri yosathira, chifukwa munda umasiyana kumtunda ndi kumunsi. Yang'anani sabata zinayi kapena zisanu zoyambirira. Chimanga chosowa fosifolasi chimapinimbira ndipo masamba akumunsi amachita mtundu wa pepo m'mphepete, chosowa zinki chimachita mizere yoyera pa masamba ang'ono. Ng'amba ikabwera onani mbali yomwe ikuyamba kupota masamba m'mawa ndi yomwe ikudzuka msanga madzulo. Ndinene poyera, maikoraiza sangapulumutse mbewu pa chilala cha mwezi wathunthu, chomwe amachita ndi kuwonjezera masiku ochepa opirira, ndipo nthawi zambiri masiku ochepawo ndi omwe amakufikitsani ku mvula yotsatira. Pokolola yezani padera, maso okha amanama.

Dothi lenilenilo liyeseni chonchi: tengani chibuma chouma kukula kwa chala chachikulu kuchokera pakati pa munda, china kuchokera m'malire osalimidwa, ikani chilichonse mu galasi la madzi mosagwedeza. Cha dothi lotopa chimaphulika pompo, madzi n'kuda. Cha dothi lamoyo chimatulutsa timathovu koma chimakhalabe chogwirana, madzi ali mbee. Muzibwereza chaka chilichonse nyengo yomweyo, malo omwewo, kusintha kwake kumatenga masizoni awiri kapena atatu kuti kuoneke. Ngati muli pafupi ndi sukulu kapena labu yomwe ili ndi maikulosikopu, pali njira yotchipa yomwe Horst Vierheilig ndi anzake anafalitsa mu 1998, mizu imayeretsedwa ndi potaziyamu haidirokisaidi kenako n'kuiviika mu inki yosakaniza ndi viniga, ulusi ndi tinthambi ta fangasi zimaoneka bwinobwino mkati mwa muzu. Alangizi kapena aphunzitsi a sayansi angathe kuthandiza gulu la alimi kuyeza minda ingapo tsiku limodzi.

Dzenje lija musamangolibwereza ndi dothi lomwe latsala. Mukatero chaka ndi chaka mitundu yachangu ya Glomus ndi Rhizophagus imalanda malo, yochedwa ija n'kusowa, mapeto ake mwabwerera ku mtundu umodzi kapena iwiri. Sizoni iliyonse siyani gawo limodzi mwa magawo anayi la dothi lakale, onjezerani latsopano lochokera malo ena omwe simunatengeko, ndipo sinthaninso mbewu zobzalamo, chaka chino mapira ndi khobwe, chaka chamawa mchewere ndi nandolo kapena nzama.